Mwana agone bwanji masana kuti usiku mugone nonse

"Musamugoneke masana ameneyo, usiku sitigona naye." Mawu amenewa amamveka m'makomo ambiri kuno ku Kasungu. Ena amene amawanena ndi apongozi, ena ndi bambo a mwana amene mawa lake alawirira kumunda, ndipo nthawi zina ndi mayi mwini wake atatopa nako kuchezera. Pongowamva amakhala ngati anzeru, pakuti munthu wamkulu akagona masana, usiku amangotembenukatembenuka pamphasa. Koma khanda si munthu wamkulu. Mwana wosakwana chaka akamanidwa tulo masana, nthawi zambiri ndiye amavuta kugoneka madzulo, ndipo ndi yemweyonso amadzukadzuka usiku. Chimene chimasokoneza usiku si kugona masana pakokha, koma nthawi imene tulo ta masanato tagwera, makamaka tomaliza ta kumadzulo.

Tisanalowe m'zochita, timvetse kaye chimene chimagonetsa mwana. Nthawi yonse imene ali maso, mu ubongo wake mumaunjikana kutopa. Zili ngati ndowa imene mwatchera pa mjigo: mwana akadzuka madzi amayamba kulowa, ikadzaza tulo timabwera, ndipo kugona kulikonse kumakhuthulako ena. Ndowa ya khanda ndi yaing'ono, sichedwa kudzaza. Mwana akagona maola awiri dzuwa litapendeka kale, ndiye kuti mwaikhuthula mochedwa, ndipo pofika 7 koloko mulibe kanthu. Akapanda kugona tsiku lonse imasefukira. Pamenepo mwana amalusa, amalira mopinda msana, amakankha bere lomwe akulifunalo, ndipo kuti mtima wake ukhale pansi pamatenga nthawi yaitali.

Palinso nkhani yosiyanitsa usana ndi usiku. Mwana sabadwa akudziwa zimenezi, pakuti m'mimba munalibe dzuwa. Thupi lake limayamba kutulutsa lokha melatonin, timadzi touza thupi kuti kunja kwada, akamakwana miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mphunzitsi wake ndi kuwala kwa masana ndi mdima wa usiku. Mkaka wa m'mawere wa usiku umakhalanso ndi melatonin, pomwe wa masana ulibe kwenikweni. Choncho khanda la milungu itatu limene likugona tsiku lonse n'kukhala maso pakati pa usiku silinalodzedwe, ndipo simunalizoloweze moipa. Thupi lake silinaphunzire basi.

Chinanso choyenera kudziwa n'chakuti tulo ta mwana timayenda m'zigawo zazifupi, za mphindi pafupifupi 50, pomwe ta wamkulu timatenga mphindi pafupifupi 90. Chigawo chikamatha mwana amagwedezeka, amang'ung'udza, mwina n'kudzukiratu. N'chifukwa chake ana ambiri amadzuka asanathe ngakhale ola limodzi mutawagoneka masana, ndipo kudzuka usiku kudzayamwa si vuto mwa iko kokha.

1. Dziwani maola amene msinkhu wake umafuna

Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo okhudza ana osakwana zaka zisanu. Pa tsiku lathunthu, kuphatikiza usana ndi usiku, khanda losakwana miyezi inayi limafunika kugona maola 14 mpaka 17. Wa miyezi 4 mpaka 11 amafunika maola 12 mpaka 16, wa chaka chimodzi kapena ziwiri maola 11 mpaka 14, ndipo wa zaka 3 kapena 4 maola 10 mpaka 13.

Tsono manambala amenewa tiwaike pa moyo wathu wa kuno. Nthawi ya dzinja kumacha cha m'ma 5 koloko, makasu ali kale paphewa, ndipo mwana amadzuka limodzi ndi nyumba yonse. Ngati anagona 7 koloko madzulo, wagona maola 10, ndiye tichotseponso nthawi zimene anadzuka kuyamwa. Wa miyezi isanu ndi iwiri amafunika maola osachepera 12. Nanga awiri, atatu kapena anayi otsalawo achokera kuti ngati si masana? Kumana mwana wotere tulo ta masana ndi kumumana gawo la chinthu chimene ubongo wake ukukulira.

Khanda limagona kambirimbiri popanda ndondomeko. Pa miyezi 4 mpaka 6 ana ambiri amagona katatu masana, kenako pakati pa miyezi 7 ndi 9 amatsika kufika kawiri, ndipo akapitirira chaka, asanakwane chaka ndi theka, kamatsala kamodzi. Ambiri amasiyiratu pakati pa zaka 3 ndi 5. Ana sakhala ofanana, ndipo wanu akasiyana pang'ono ndi wa aneba musade nkhawa, bola akudzuka wosangalala, akuyamwa bwino, ndipo kusikelo akukwera.

2. Kwa masiku atatu kapena anayi musasinthe kanthu, ingoonani

Amayi ambiri mukawafunsa amati, "Wangayu masana sagona n'komwe." Koma mutayenda nawo tsiku limodzi mupeza kuti anagona kumsana popita ku mjigo, anagonanso mayi ake akupalira, ndipo anagona tulo tofa nato pobwerera kuchigayo. Tulo ta kumsana sitiwerengedwa chifukwa mayi sationa, mutu wa mwana uli kumbuyo. Koma thupi la mwana limatiwerenga.

Tengani kope lakale la mwana wasukulu, kapena kuseri kwa kalendala, muzilemba nthawi imene wadzuka m'mawa, nthawi iliyonse imene wagona ndi kudzuka masana, nthawi imene wagona madzulo, ndi kangati wadzuka usiku. Wotchi ya pafoni ndi yokwanira. Foni ikatha moto lembani potengera zochitika: ana akupita kusukulu, titangodya nsima ya masana, ng'ombe zikubwera kudambo. Ngati masana mwana amatsala ndi agogo ake, afunseni mwaulemu mukafika: "Amayi, kodi mdzukulu wanuyu lero wagona nthawi yanji, nanga wadzuka dzuwa lili pati?" Mukawafunsa motero amathandiza ndi mtima wonse, kusiyana ndi kuwafikira ndi malamulo.

Masikuwo akatha, sankhani usiku umene unavuta kwambiri ndipo muone masana ake. Kawirikawiri mupeza chimodzi mwa ziwiri: mwina anagona kwambiri chakumadzulo, kapena anakhala maso nthawi yaitali mopyola msinkhu wake. Ziwirizi mankhwala ake ndi osiyana, ndiye n'kofunika kudziwa kuti chanu ndi chiti.

3. Gwirani kaye nthawi yodzuka m'mawa

Musayambe ndi kulimbana ndi usiku. Onetsetsani kuti mwana akudzuka pafupifupi nthawi yofanana tsiku lililonse, osasiyana kuposa theka la ola, ngakhale usiku wapitawo mwachezera naye. Akadzuka mutulutseni pakhonde aone kuwala kwa m'mawa. Masana musatontholetse nyumba chifukwa cha iye. Wailesi ilire, mtondo ugunde, ana asewere. Bata ndi mdima zisungireni usiku.

Kwa khanda losakwana miyezi itatu, zochita zanu zithere pomwepa. Musalikakamize ndondomeko ina iliyonse. Liziyamwa nthawi iliyonse imene lafuna, kasanu ndi katatu kapena kuposerapo pa tsiku. M'milungu yoyamba, likagona masana kupitirira maola atatu lidzutseni liyamwe, makamaka ngati linabadwa losakwana masiku kapena lochepa thupi.

4. Mugonekeni asanafike polira

Kulira ndi chizindikiro chomaliza. Mwana asanalire amakhala atakuuzani kale kangapo. Amasiya chimene amaseweretsa, amangoti maso dwii pamalo amodzi, mukamuseketsa amatembenuza nkhope, amayasamula, amatikita m'maso, amakoka khutu, amakwechesa nkhope pachifuwa panu. Mukaona ziwiri mwa zimenezi, siyani kaye mbale zomwe mukutsukazo mumugoneke. Mphindi khumi zimene mungati ndimalize kaye ntchito ndi zimene zimasandutsa mwana wowodzera kukhala mwana wosatonthozeka.

Pofuna kuti zizindikirozi zisakudutseni, dziwani nthawi imene ana ambiri amatha kukhala maso asanatope. Khanda la mwezi umodzi silipitirira ola. Wa miyezi itatu kapena inayi amatha ola ndi theka, mwina awiri. Wa miyezi isanu ndi umodzi, maola awiri kapena atatu. Woyandikira chaka, atatu kapena anayi. Amene watsala ndi kugona kamodzi kokha amatha anayi mpaka asanu ndi limodzi. Izi n'zongokuthandizani kudziwa nthawi yoyamba kumuyang'anitsitsa. Nkhope ya mwana ikanena zina, tsatani nkhopeyo.

Nthawi imene ali maso aziigwiritsa ntchito. Malangizo a WHO aja amanenanso kuti mwana asamangike malo amodzi kupitirira ola limodzi nthawi imodzi ali maso, ndipo amatchula ndi kumsana komwe. Amati mwana amene sanayambe kukwawa azigonekedwa chafufumimba ali maso, wamkulu akumuyang'ana, mphindi zosachepera 30 pa tsiku zogawidwa pang'onopang'ono. Ndikudziwa kuti mayi amene ali yekha m'munda wa mtedza alibe pomusiya mwana nthawi zonse. Komabe pamene mwapuma kuti mumwe thobwa, yalani chitenje pamthunzi, mumutsitse, aponye miyendo, afikire tsamba, akwawe. Mwana amene wangolendewera kumsana tsiku lonse amawodzera pang'onopang'ono kambirimbiri, ndipo madzulo amafika wosatopa bwino komanso wosapuma bwino.

5. Samalani malo ogona

Tulo ta kumsana ndi tulo ndithu, ndipo palibe chochititsa manyazi kuti mwana wanu amagonera m'chitenje. Chofunika ndi mpweya. Nkhope itembenukire kumbali, mphuno ndi pakamwa zisatsekedwe ndi nsalu kapena msana wanu, chibwano chisagwere pachifuwa pake. Kwa khanda limene khosi silinalimbe, muziyang'ana pafupipafupi kapena kupempha mnzanu akuonereni. Chizolowezi chofunditsa mutu wonse ndi chitenje chachiwiri poopa dzuwa chimatentha mwana kwambiri. Ambulera kapena kachipewa kopyapyala n'zabwino kuposa.

Mukamugoneka pansi, agone chagada, usana ndi usiku womwe, mpaka atakwana chaka. Malo akhale athyathyathya ndi olimba, monga mphasa yoyalapo nsalu kapena matiresi osabonyoka, popanda pilo kapena bulangete lokhuthala pafupi ndi nkhope. Pa sofa ayi, ngakhale kwa mphindi zochepa. Akuluakulu ambiri amakonda kugoneka mwana chafufumimba poopa kuti akabwezera mkaka atsamwa, ndipo nkhawa yawo ndi yachikondi. Koma mwana wabwinobwino wogona chagada amameza kapena kutsokomola zimene wabwezera, pomwe wogona chafufumimba akhoza kutsekeka mphuno osatha kudzutsa mutu. Ku Britain ndi ku America, atayamba kulimbikitsa makolo kugoneka ana chagada kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, imfa zadzidzidzi za makanda ali m'tulo zinatsika ndi theka, kwina kuposerapo. Mwana akayamba kudzigudubuza yekha uku ndi uku, inu mumugonekebe chagada, akatembenuka yekha musiyeni.

Neti igwetseni ngakhale masana. Imatchinga ntchentche, ndipo tulo ta chakumadzulo m'nyumba ya mdima timakumana ndi udzudzu. Pabwalo musamusiye yekha; nkhuku, agalu, nkhumba ndi linthumbu sizidziwa kuti uyu ndi mwana. Mu Okutobala ndi Novembala nyumba ya malata imatentha moti mwana sangagone nthawi yaitali, choncho khonde kapena pansi pa mtengo wa mango, inu muli pafupi, m'pabwino. Gwirani kumbuyo kwa khosi lake: mukapeza thukuta, muchotsereni chovala chimodzi. Mu Juni ndi Julaye vuto limakhala lina. Musalowetse mbaula ya makala m'chipinda chotseka kuti mwana afunde, pakuti makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha, ndipo umayamba kugonjetsa wamng'onoyo.

Pano ndiimepo pang'ono pa nkhani ya fodya, poti ndi Kasungu ino. Kuyambira nthawi yothyola ndi kusoka mpaka yosankha ndi kudinda mabelo, amayi ambiri amakhala kuchigafa tsiku lonse, ndipo mthunzi wapafupi wogonekapo mwana umakhala womwewo. Musatero. Masamba aawisi, makamaka onyowa ndi mame kapena mvula, ali ndi nikotini amene amalowa m'thupi kudzera pakhungu, ndipo ndi amene amachititsa ngakhale akuluakulu chizungulire ndi nseru nthawi yothyola. Fumbi la fodya wouma nalonso si la mapapo a khanda. Mwana agone kutali ndi chigafa, kumene kukuchokera mphepo, wina akumuyang'anira. Musanamunyamule kapena kumuyamwitsa sambani m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, ndipo chitenje chomuberekera chisakhale chimene mwavala pothyola.

6. Tulo tomaliza: apa ndiye pagona nkhani

Pakati pa kudzuka komaliza kwa masana ndi kugona kwa usiku pakhale mpata wokwanira kuti kutopa kubwerere. Mpata umenewu ukhale wofanana ndi nthawi imene mwana wa msinkhu wake amatha kukhala maso, kapena wotalikirapo pang'ono. Ngati mukufuna azigona cha m'ma 7 koloko, wa miyezi 4 mpaka 6 kugona kwake kwachitatu kukhale kwakufupi, theka la ola kapena kupitirirako pang'ono, ndipo pofika 5 koloko akhale atadzuka. Wa miyezi 7 mpaka chaka akhale atadzuka 4 koloko isanakwane. Wogona kamodzi agone akangodya nsima ya masana ndipo adzuke pofika 3 koloko, mwinanso isanakwane.

Tiyerekeze mwana wa miyezi isanu ndi itatu wa banja lolima kwa Santhe kapena ku Chamama. Wadzuka 5:30 m'mawa. Cha m'ma 8 koloko wayamba kuyasamula, wagona kumsana mayi ake akupalira, wadzuka 9:30. Wayamwa, wadya phala, wakwawa pamthunzi. Cha m'ma 1 koloko masana, atabwerera kunyumba, wagonanso, ulendo uno pamphasa pansi pa neti, mpaka 3 koloko. Kuchokera pamenepo ali maso: asewera ndi azikulu ake obwera kusukulu, adya, asamba, ndipo 6:30, kunja kukuda, wagona. Masana wapeza maola atatu ndi theka, usiku pafupifupi 11 kuchotsapo oyamwa. Zakwana.

Tsono onani tsiku lina la mwana yemweyo. Masana anangogona pang'ono chifukwa kunabwera alendo. Cha m'ma 4 koloko mayi asenza chimanga, abereka mwana, ulendo wa kuchigayo. Asanafike ngakhale pamsewu mutu wagwera kale kumbali. Kuchigayo kuli mzere, magetsi anangobwera kumene, injini ikulira mosalekeza, ndipo phokoso lotere limagonetsa mwana kuposa nyimbo. Pobwerera dzuwa lalowa, mwana akadali m'tulo, ndipo mayi akuti ndisamudzutse ndiphike msanga. Akudzuka nsima ikupakulidwa, atagona maola awiri ndi theka. Pofika 9 koloko nyumba yonse ikuwodzera, iye m'maso muli gwa, akukoka neti ndi kumenya bambo ake kumaso. Mawa lake wina anena kuti vuto ndi kugona masana. Koma vuto ndi lakuti tulo timene tinayenera kubwera 1 koloko tabwera 4 koloko.

Njira yake ndi kusuntha maulendo, osati kumana mwana tulo. Kuchigayo, kumsika ndi ku mjigo pitani pa nthawi imene mwana amayenera kugona kale, m'mawa kapena dzuwa lili paliwombo ngati sikukutentha kwambiri. Ngati ulendo wa madzulo sungalephereke, musiyeni ndi bambo ake kapena agogo ake ali maso. Zikakanika zonse n'kugonabe kumsana, lolani theka la ola, mukafika mumudzutse.

Ambiri timachita mantha kudzutsa mwana wogona, koma palibe chimene chimaonongeka mukachita mofatsa. Masulani chitenje, mutulutseni poyera, muyankhuleni, musinthe thewera, kenako mumupatse bere. Akhoza kudandaula mphindi zochepa. Zimenezo n'zopepuka poyerekeza ndi kuchezera.

Pali masiku amene ndondomeko imasweka: kusikelo, kumaliro, kutchalitchi, paukwati, paulendo wa minibasi wopita ku Lilongwe. Mwana akaphonya tulo ta masana, musamubwezere tonse madzulo. Mupatseni kotsitsimula ka mphindi 20 kapena 30, kapena mungomugoneka usiku mofulumirako ndi theka la ola kapena ola lathunthu. Makolo ena amaopa kuti akagona msanga alawirira kudzuka, koma mwana wotopa akagona msanga kawirikawiri amadzuka nthawi yake yomwe ija.

Ngati mwana wazolowera kale kugona mochedwa masana, musasinthe zonse tsiku limodzi. Sunthani ndi mphindi 15, dikirani masiku awiri kapena atatu, sunthaninso. Patsani thupi lake mlungu umodzi kapena iwiri musanagamule kuti sizikuthandiza.

7. Madzulo azifanana

Chitani zinthu zomwezo motsatana mofanana tsiku lililonse: kusamba madzi ofunda, kuvala, kuyamwa, kanyimbo kapansipansi, kulowa mu neti. Mwana sadziwa wotchi koma amadziwa kuti akasamba chotsatira n'chiyani. Abambo, gawo ili ndi lanunso. Masewera oponya mwana m'mwamba achitike dzuwa lisanalowe, wailesi ya mpira itsike, ndipo foni isawale kumaso kwake. Malangizo a WHO salola kuti mwana wosakwana zaka ziwiri azionerera foni kapena TV. Akadzuka usiku muyamwitseni mumdima kapena ndi kuwala kochepa kwa tochi yolozetsa kukhoma, osacheza naye. Kuyamwa kwa usiku kumathandiza kuti mkaka usachepe, choncho musafulumire kukuthetsa.

Ambiri timagona ndi ana athu pamodzi. Ngati ndi choncho, mwana akhale chagada kumbali ya mayi, osati pakati pa ana anzake, ndipo bulangete la akuluakulu lisafike kumutu kwake. Munthu amene wamwa mowa, wasuta fodya kapena wamwa mankhwala ogonetsa asagone pafupi naye.

8. Akapitirira zaka ziwiri zinthu zimatembenuka

Mu 2015 akatswiri a ku Australia anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wokhudza kugona masana kwa ana ang'onoang'ono, ndipo anapeza kuti kwa ana opitirira zaka ziwiri, kugona masana kumayenderana ndi kuchedwa kugona usiku komanso kufupika kwa tulo ta usikuto. Pa msinkhu umenewu ndiye mawu a akuluakulu aja amayamba kukhala ndi mbali yoona. Ngati mwana wanu wa zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu akumatha ola lathunthu akuyankhula mu neti osagona, yambani ndi kufupikitsa tulo ta masana kufika ola limodzi ndi kutifulumizitsa. Zikapanda kusintha, azigona masana tsiku lina, lina ayi. Pa masiku osagonawo akhalebe ndi nthawi yopuma pamphasa, ndipo madzulo agone msanga. Ngati amapita kusukulu ya mkombaphala, funsani alezi ake ngati amagona kumeneko, chifukwa nakonso n'kowerengedwa.

Zimene simuyenera kuyesa

Musapatse mwana Piriton, mankhwala a chifuwa kapena kadontho ka mowa kuti agone. Zimenezi zikhoza kufooketsa kapumidwe kake, ndipo muyeso umene ukuoneka wochepa kwa inu ndi waukulu kwa iye. Tiyi, khofi ndi zakumwa monga Coca-Cola zili ndi caffeine, amene amatsekereza ubongo kuti usamve kutopa kuja, ndipo tiyi amalepheretsanso thupi kutenga bwino m'chakudya ayironi, amene amathandiza kupanga magazi. Phala nalonso si mankhwala a tulo. Mwana asanakwane miyezi isanu ndi umodzi aziyamwa mwakathithi, popanda phala ngakhale madzi. Kumuyambitsa msanga kuti agone kumamuika pa chiopsezo cha kutsegula m'mimba.

Pamene nkhani si ya tulo ayi

Nthawi zina mungakonze zonsezi koma usiku n'kumavutabe. Kumera mano, chimfine chotseka mphuno, kuyamba kukwawa kapena kuimirira zimasokoneza kwa masiku angapo kenako zimadutsa. Yang'ananinso m'mphepete mwa mphasa ndi matiresi ngati muli nsikidzi, ndi pakati pa zala zake ngati pali mphere, pakuti kuyabwa kwake kumakula usiku. Mwana amene amaliza mkonono kwambiri usiku uliwonse, kapena amalira akugwira khutu, akaonedwe kuchipatala. Kope lija mulitenge popita kusikelo mukaonetse alangizi a zaumoyo. Lidzawathandiza kuona msanga pamene pakulakwika.

Koma pali tulo tina timene simuyenera kukondwera nato. Mwana amene mwadzidzidzi akugona kwambiri kuposa masiku onse, akuvuta kudzutsa, kapena akadzuka ali lobodoka osafuna bere, ameneyo akudwala. Chimodzimodzi ngati thupi latentha, akusanza chilichonse, wakomoka, akupuma mofulumira kapena nthiti zikulowa m'kati popuma, kapena liwombo lalowa pamene akutsegula m'mimba. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi, kapena likazizira modabwitsa, ndi nkhani yothamanga nayo. Malungo mwa mwana wamng'ono amakula m'maola ochepa, makamaka nyengo ya mvula. Musadikire kuti kuche kapena kuti bambo ake abwere kumsika. Berekani mwana, pezani kabaza, mupite kuchipatala chimene muli nacho pafupi akamuyeze magazi.